Chitsamba cha maluwa oyera chomera pamwamba pa nkhalango za m'mapiri

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi kusekondale. Posachedwapa ndinakwera phiri la Kenya. Titatuluka m'nkhalango yowirira tinalowa m'dera la zitsamba zokhazokha, za masamba ang'onoang'ono osongoka ngati a paini, zodzaza ndi timaluwa toyera. Pena zinali zazitali kuposa munthu kawiri kapena katatu, ndere zili lendelende m'nthambi. Pena zinali zolekeza m'mawondo, zikuphukira pa zitsa zakupsa. Kodi umenewu ndi mtundu wa paini? N'chifukwa chiyani zimamera pakatikati pokhapo, osati m'munsi kapena pansonga? Nanga ndingazibzale pasukulu, kudera lotentha, kuti ana aziziona?

Yankho:

Aphunzitsi, paini timuchotsepo kaye. Paini sachita maluwa. Njere zake zimakhala m'zipatso zouma za mamba olimba, ndipo masamba ake ndi aatali, omangika awiriawiri, atatuatatu kapena asanuasanu. Chomwe munaona inu chili ndi maluwa enieni, ndipo dzina lake ndi Erica. Chili m'banja la Ericaceae, limodzi ndi rhododendron wa kumapiri a Himalaya ndi mabulosi aja a blueberry. Maluwa oyera oonekera patali omwe mwafotokozawo ndi a Erica arborea, mtundu womwe Carl Linnaeus anaupatsa dzina mu 1753.

M'mapiri a kum'mawa kwa Africa Erica arborea sakhala yekha. Ali ndi abale ake, odziwika kwambiri ndi Erica excelsa ndi Erica trimera, ndipo masamba awo ndi ofanana moti munthu wongodutsa sangawasiyanitse. Kusiyana kuli pa duwa. Abale awiriwa maluwa awo ndi aang'ono zedi, osawala, chifukwa mungu wawo umanyamulidwa ndi mphepo ndipo alibe chokopera njuchi. M'mabuku akale mudzawapeza pansi pa dzina lakuti Philippia. Katswiri wa ku South Africa, E.G.H. Oliver, ndiye anaphatikiza gulu la Philippia m'gulu la Erica chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, choncho buku la mulaibulale ya sukulu likasemphana ndi za pa intaneti musadabwe, chomera ndi chomwecho.

Kaduwa ka Erica arborea kamatalika mamilimita 2.5 mpaka 4. Kaumbidwe kake n'ka belu, kukamwa kwake kogawika panayi. Mukasuzumira m'kati ndi galasi lokulitsira zinthu muona timitu 8 ta mungu, todera, titazungulira kamtengo kolandira mungu komwe kamasuzumira kunja pang'ono. Kamodzi si kanthu, koma nthambi imodzi imanyamula mazanamazana, ndipo dzuwa likatentha fungo la uchi limakupezani musanafike pachitsamba. Njuchi ndi ntchentche zamitundumitundu sizichokapo. Duwa likafota limasiya kachipatso kouma ka zipinda zinayi, kodzaza ndi njere zazing'ono zonga fumbi. Njere zimenezi muzisunge m'mutu, tikumana nazonso pa funso lanu lachiwiri.

Tsamba ndilo linakusokonezani, ndipo ndi pomwe pali phunziro labwino la ana anu. Limatalika mamilimita 3 mpaka 5 okha, ndipo masamba amatuluka atatuatatu kapena anayianayi mozungulira kanthambi ka ubweya. Thyolani limodzi, mulitembenuze. Kunsi kwake muona kamzere kotuwa kochokera kutsinde kukafika kunsonga. Kamzereko si mtsempha ayi. Tsambali ndi lotambalala ndithu monga masamba ena onse, koma m'mbali mwake mwapindikira pansi mpaka kutsala pang'ono kukumana, n'kusiya kangalande kopapatiza. Timabowo topumira tili m'kangalandeko, totchingidwa ndi tiubweya. Mphepo imawomba pamwamba pa tsamba pomwe pali khungu lolimba la phula, koma pa timabowoto siifikapo. Chinyezi chimakhala chodekha m'kangalandemo, ndipo madzi satuluka msanga.

Mwina mufunsa kuti chomera cha paphiri la mvula yambiri chonchi chiumiriranji madzi. Yankho lili pa nyengo ya kumtundako. Pa ikweta kulibe miyezi yaitali ya chisanu yomwe zomera za ku Ulaya zimagona osakula. Olov Hedberg, katswiri wa ku Sweden amene anayamba kuyenda m'mapiri amenewa mu 1948, anafotokoza kuti kumeneko masana aliwonse ndi chilimwe ndipo usiku uliwonse ndi chisanu. Kumwamba kukayera usiku kutentha konse kumathawa, moti kuyambira pa mamita 3,500 kupita m'mwamba madzi a pamwamba pa nthaka amatha kuundana. Kukacha dzuwa limatuluka ndi ukali, popeza mpweya wolitchinga ndi wochepa. Masamba amafunda m'mphindi zochepa n'kuyamba kutaya madzi, koma nthaka ikadali zii, ndipo mizu yozizira imakoka madzi pang'onopang'ono. Kwa maola angapo m'mawa chitsamba chimakhala pa chilala ngakhale chaima pa dothi lonyowa. Tsamba lalikulu lofewa lingafote tsiku ndi tsiku. Kuonjezera apo mapiriwa ali ndi miyezi yake yopanda mvula, pomwe mphepo youma imawomba osapumira.

Pali chifukwa chinanso. Nthaka ya kumtundako ndi yosauka, ndipo chomera chopeza chakudya movutikira sichingamataye masamba chaka ndi chaka. Erica amasunga tsamba lake nthawi yaitali, n'kulidzaza ndi mankhwala owawa kuti tizilombo tisalidye. Likagwa silifulumira kuola, ndipo likamaola limawonjezera asidi m'dothi. Dothi lotere zomera zambiri zimalikana, pomwe kwa Erica ndiye kwawo.

Tifike pa funso lachiwiri. Mukamakwera phiri, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse, n'chifukwa chake zomera zimasanjikizana mozungulira phiri. Mu 1951 Hedberg anazigawa m'malamba atatu. Woyamba ndi nkhalango ya m'phiri, yomwe paphiri la Kenya ili ndi nsungwi zambiri n'kukathera m'mitengo ya Hagenia ndi Hypericum wa maluwa achikasu. Wachiwiri ndi wa Erica, amene kawirikawiri amayambira pa mamita pafupifupi 3,000 n'kulekeza chakufupi ndi 4,000. Wachitatu ndi wa udzu womera m'magulumagulu, tizitsamba ta Helichrysum, ndi zomera zikuluzikulu zija za Lobelia ndi Dendrosenecio zomwe alendo amakonda kujambula. Manambalawa amasintha malinga ndi phiri komanso mbali ya phiri. Paphiri la Kenya lomwelo, lomwe nsonga yake ili pa mamita 5,199, Erica ndi wochuluka kwambiri mbali ya kum'mawa, kunjira ya Chogoria. Lamba yemweyu mukamupeza pa Kilimanjaro, pa Elgon, ku Aberdare, ku Rwenzori, ndi kumapiri a Simien ndi Bale ku Ethiopia.

Anthu ambiri amaganiza kuti Erica satsika m'munsi chifukwa choopa kutentha. Chomwe chimamutchinga kwambiri ndi mthunzi. Njere zija zonga fumbi zilibe chakudya chokwanira m'kati mwake, motero mbande imafuna kuwala kuyambira tsiku lomwe yatuluka, apo ayi imafa. Pansi pa nkhalango yowirira, pomwe pali mdima ndi masamba akufa osanjikizana, siingapirire. Koma nkhalango ikapsa, kapena nthaka ikagumuka n'kusesa mitengo, Erica amatsika msangamsanga n'kulanda malowo. Pa Kilimanjaro pali malo omwe kale kunali nkhalango ya Podocarpus koma lero kuli Erica excelsa yekhayekha chifukwa cha moto. Ndipo kumayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, Erica arborea yemweyu amamera m'timapiri tatifupi, pena moyang'anana ndi nyanja yeniyeniyo. Malire a m'munsi tsono amaikidwa ndi mitengo ina, yomwe imamuposa msinkhu paliponse pomwe pali pofunda ndi ponyowa mokwanira.

Malire a pamwamba ndiwo a kuzizira, koma si kuti chitsamba chachikulu chimafa ndi chisanu cha usiku umodzi. Vuto ndi kukula. Christian Körner wa ku yunivesite ya Basel ku Switzerland, pamodzi ndi mnzake Jens Paulsen, anayeza kutentha kwa nthaka pomwe mitengo imalekezera m'mapiri a m'makontinenti osiyanasiyana, ndipo mu 2004 anasindikiza zomwe anapeza: pafupifupi paliponse mitengo imasiya kumera pomwe kutentha kwa m'nyengo yokulira, mukaphatikiza usana ndi usiku, kuli cha pa madigiri 6 kapena 7. Kukazizira kuposa apo masamba amapangabe chakudya, koma chomera chimalephera kumanga maselo atsopano. Mtengo wautali umakhala m'mphepo yozizira, ndipo umadzitchingira wokha dzuwa kumizu. Chitsamba chachifupi chimafunda limodzi ndi nthaka masana. N'chifukwa chake Erica akamayandikira mamita 4,000 amafupika, nthambi zake n'kuthinana.

Mbande ndizo zimaona zakuda. Usiku madzi a m'nthaka yonyowa amaundana n'kutumphuka ngati timitengo topyapyala ta ayezi toima chilili, tomwe timanyamula dothi la pamwamba masentimita angapo. Dzuwa likatuluka timasungunuka, dothi n'kugwera pansi. Zikachitika usiku ndi usiku kambande kamazulidwa, mizu ili pamtunda, masana n'kuuma. Zomwe zimapulumuka ndi zomera m'mphepete mwa mwala, pomwe nthaka siyendayenda ndipo mwalawo umasunga kutentha kwa masana. Mukadzakweranso mudzayang'ane bwino, Erica womaliza kumtunda mudzamupeza atatsamira thanthwe.

Mbali ya chomerachi yomwe ine imandigwira mtima koposa ili pansi, pomwe wokwera phiri saona. Mizu yotsiriza ya Erica ndi yopyapyala kwambiri, ndipo ilibe tiubweya tija tomwe mizu ya zomera zambiri imayamwira madzi ndi chakudya. M'malo mwake muli bowa. Si bowa wotuluka pamtunda uja ayi, koma ulusi wosaoneka ndi maso umene umalowa m'maselo a kunja kwa muzu n'kupiringizana m'katimo, mbali ina n'kutambalala m'dothi. Ubale umenewu akatswiri amautcha ericoid mycorrhiza, ndipo David Read wa ku yunivesite ya Sheffield ndi anzake anaufufuza kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1970. M'nthaka yozizira ya asidi zinyalala zimaola pang'onopang'ono, motero nayitirojeni ndi fosifolasi zimakhala zomangika m'masamba akufa, muzu paokha sungazitenge. Bowayo amatulutsa mankhwala otchedwa ma enzyme ophwanya zinyalalazo, n'kupereka chakudyacho kwa chitsamba, chitsamba n'kumubwezera shuga wochokera kumasamba. Amathandizanso kutchinga zitsulo zosungunuka m'dothi la asidi zomwe zimawononga mizu ya zomera zina. Ndi bowayu amene wathandiza banja la Ericaceae kulanda malo osauka padziko, kuyambira kumapiri onyowa a ku Scotland mpaka ku mchenga wa ku Cape, ku South Africa.

Tsopano zitsa zakupsa zija. Erica amayaka koopsa. Timasamba touma, nthambi zakufa zotsakamira m'kati mwa chitsamba, ndere zouma, zonsezi zimachuluka chitsamba chikamakalamba, ndipo m'nyengo yadzuwa kamoto kakang'ono kamakwanira. Koma mukafukula pa tsinde la chitsamba chopsacho mupeza chibulumwa cha mtengo wolimba, cha makwinyamakwinya, chokhala pakati pa tsinde ndi mizu, mbali yaikulu itakwiririka. Akatswiri amachitcha lignotuber. Imeneyi ndiyo nkhokwe ya chomerachi: muli chakudya chosungidwa, ndipo pakhungu pake pali maso ambirimbiri ogona. Moto wa m'zitsamba umathamanga, umapsereza za pamtunda n'kupitirira, ndipo masentimita ochepa a dothi amakwanira kuteteza chibulumwacho. Mvula ikagwa maso aja amadzuka, mphukira zobiriwira n'kutuluka makumimakumi mozungulira chitsa chakuda. Nthambi zolekeza m'mawondo zomwe munaonazo zikhoza kukhala za zaka ziwiri kapena zitatu, pomwe chibulumwa chomwe chazibereka chapulumuka moto kangapo ndipo ndi chakale kuposa inu ndi ine. Njere nazonso zimapeza mwayi pa lupsa, popeza dothi lili poyera ndipo mthunzi wachoka.

Kusiyana kwa msinkhu komwe munaona kumachokera pomwepa. Chachitali ndi chachifupi, zikakhala pamtunda umodzimodzi, nthawi zambiri chosiyana ndi zaka zomwe zadutsa chichokereni moto womaliza. Erica akapumula zaka makumi angapo, nthambi zochepa zimapambana zinzake n'kusanduka mitengo yokhotakhota ya mamita 5 kapena kuposerapo, ndere n'kuyamba kukuta makungwa. Ku Rwenzori, komwe mvula ndi chifunga sizisowa ndipo moto umabuka patalipatali, nkhalango za Erica zimakutidwa ndi ndere zokhuthala moti thunthu silioneka. Ku Bale n'kosiyana. Abusa a kumeneko amatentha zitsambazi mosinthanasinthana, chigawo ichi chaka chino, china m'tsogolo, kuti ng'ombe zidye mphukira zanthete ndi udzu womera pa lupsa. Phiri limaoneka la zigawozigawo, chilichonse ndi msinkhu wake. Matope a pansi pa kanyanja ka Garba Guracha ku Bale komweko, pamtunda wa mamita pafupifupi 3,950, asunga makala ndi mungu wa Erica zosonyeza kuti moto ndi chitsambachi zakhala limodzi kwa zaka pafupifupi 14,000. M'mapiri omwewo, komanso pa Kilimanjaro, mumapezeka timagulu ta Erica trimera wamtali m'matanthwe a pamwamba pa mamita 4,000 momwe moto sufika. Timagulu timeneti ndi umboni wakuti pakanapanda moto, mitengo ya Erica ikanakwera kuposa pomwe ikulekezera lero.

Choncho sindigwirizana ndi onena kuti moto uliwonse paphiri ndi tsoka, ndipo sindigwirizananso ndi onena kuti palibe vuto popeza Erica amaphukanso. Nkhani yagona pa mpata wa pakati pa moto uwu ndi wotsatira. Chibulumwa chimawononga chakudya chake potulutsa mphukira, ndipo chimafuna zaka zingapo za masamba obiriwira kuti chibwezeretse. Moto ukabwerera msanga, ziweto n'kumabudula mphukira zikangotuluka, chimafooka mpaka kufa, malo n'kutsalira udzu ndi Helichrysum. Odula nkhuni ndi owotcha makala akafika mpaka pokumba chibulumwa chenichenicho, pamenepo ndiye palibenso chophuka. Ngakhale chisafe, phiri lopsa pafupipafupi silikhalanso ndi mitengo ya Erica, limangokhala ndi zitsamba zofika m'chiuno. Mukawerenga mitundu ya zomera mupeza kuti Erica alipobe, koma ntchito yomwe mitengo inkagwira yatha.

Ntchito yakeyo ndi ya madzi. Pamtunda wa mamita 3,000 mitambo simangodutsa kumwamba, imalowa m'zitsamba momwemo. Chifunga chikamapyola m'timasamba tosongoka ndi m'ndere zolendewera, timadontho timakodwa, timaphatikana, n'kudonthera pansi ngakhale tsiku lomwe mvula sinagwe. Ndere ndi dothi lakuda la pansipo zimamwa madziwo n'kumawatulutsa pang'onopang'ono kumitsinje. Mtengo wautali wa nthambi zambiri umakola chifunga chochuluka kuposa chitsamba chachifupi. Andreas Hemp wa ku yunivesite ya Bayreuth ku Germany, amene wafufuza zomera za pa Kilimanjaro kwa zaka zambiri, anasindikiza mu 2005 zotsatira zosonyeza kuti kuchokera mu 1976 moto unali utawononga nkhalango za kumtunda, makamaka za Erica, zokwana masikweya kilomita pafupifupi 150, n'kutsitsa malire a nkhalango ndi mamita mazana angapo. Kuwerengera kwake kunasonyeza kuti madzi a chifunga omwe phirilo limataya chaka chilichonse chifukwa cha kupsa kumeneku ndi ochuluka kwambiri kuposa omwe amachokera ku ayezi wa pansonga. Anthu padziko lonse amadandaula za ayezi wa Kilimanjaro, ndipo m'pomveka, koma kwa mlimi wothirira m'munsi mwa phirilo chitsamba ichi ndicho chofunika kwambiri. Moto waukulu unabukanso paphirili mu Okutobala 2020 ndi mu Okutobala 2022, ndipo maulendo onse awiri unayaka m'dera la zitsamba la kumtundali.

Nyama nazo zimadalira lamba ameneyu. Ku Bale mphalapala ya m'phiri yotchedwa mountain nyala, yomwe imapezeka ku Ethiopia kokha, imabisala ndi kudya m'zitsamba za Erica, ndipo ku Simien mbuzi ya m'matanthwe yotchedwa walia imabudula masamba ake.

Mwina munadabwa nditatchula Mediterranean. Erica arborea ali ndi kwawo kuwiri kotalikirana. Mbali ino ndi mapiri a kum'mawa kwa Africa, Ethiopia ndi Yemen. Mbali inayo ndi kuchokera ku Portugal ndi Morocco mpaka ku Turkey ndi m'mphepete mwa Black Sea. Pakati pali Sahara. Koma m'kati mwa chipululumo, pamwamba pa mapiri a Tibesti ku Chad, muli timagulu tochepa ta Erica arborea tobisala m'ming'alu ya miyala, totsalira pa nthawi yomwe Sahara inali yonyowa. Kafukufuku wa DNA yemwe anatuluka mu 2011 anasonyeza kuti chitsambachi chinachokera chakum'mawa kwa Africa ndi Arabia n'kufalikira kumpoto ndi kumadzulo. Gulu lonse la Erica lili ndi mitundu yoposa 800, ndipo pafupifupi 700 mwa iyo ili ku Cape, ku South Africa, pomwe ku Ulaya konse kuli mitundu pafupifupi 20 yokha.

Chibulumwa chija chili ndi mbiri yakenso kumayiko a kumpotowo. Ndi cholimba, sichipsa msanga, ndipo chikasemedwa chimaonetsa mizere yokongola, motero kuyambira cha m'ma 1850 amisiri a ku Saint-Claude ku France anayamba kusema nacho mapaipi osutira fodya. Mpaka lero mapaipi ambiri a mtengo amachokera ku zibulumwa za Erica arborea za zaka 30 kupita m'tsogolo, zokumbidwa ku Italy, Corsica, Greece, Algeria ndi madera oyandikana nawo. Amazicheka, kuziwiritsa maola ambiri kuti utomoni uchoke, n'kuziumitsa miyezi ingapo.

Funso lomaliza, lobzala. Ngati sukulu yanu ili kuchigwa kotentha, Aphunzitsi, ndikulangizani kuti musadzivute. Ku Mediterranean Erica arborea amapirira dzuwa loswa mtengo, inde, koma nthawi yotenthayo kumakhala kouma, ndipo mvula imagwa m'miyezi yozizira. Chomwe sapirira ndi kutentha ndi chinyezi zikabwera pamodzi. Timizu take tija timaola msanga m'dothi lofunda lodikha madzi, makamaka ndi matenda a Phytophthora, ndipo chitsamba chimatha kuuma chonse m'milungu yochepa. Usiku wofunda umachifooketsanso, chifukwa chomera chozolowera usiku wozizira chimapuma mofulumira kukatentha, n'kumaliza shuga yemwe chinapanga masana. Kuonjezera apo, dothi la laimu ndi madzi a pansi okhala ndi laimu wambiri zimachotsa asidi m'dothi. Ayironi amamangika, masamba anthete n'kuyamba kuchita chikasu.

Kumalo okwera ndi ozizira mwayi ulipo. Pamafunika dzuwa lokwanira ndi dothi la mchenga losadikha madzi, losakaniza ndi masamba oola, ndipo kuthirira kukhale kwa madzi a mvula. Laimu, phulusa, manyowa a m'khola ndi feteleza wamphamvu musayandikize, chifukwa mizu yozolowera dothi losauka imapsa ndi chakudya chambiri. Njere amazimwaza pamwamba pa dothi lonyowa osakwirira. Njira yodalirika ndi kudula nsonga za nthambi zoyamba kukhwima, masentimita 3 mpaka 5, kuchotsa masamba a m'munsi, n'kuzizika m'mchenga wonyowa pamthunzi, zitavundikiridwa ndi pulasitiki kuti chinyezi chisathawe. Mizu imatenga milungu ingapo, pena miyezi.

Chonde mbewu yake muipeze ku nazale kapena kumunda wa zomera wovomerezeka, osati paphiri. Dera lomwe munayendamo ndi paki yotetezedwa kuyambira mu 1949, ndipo UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1997. Kuzula chomera m'menemo ndi mlandu, ndipo kuwoloka nacho malire a dziko kumafuna zilolezo. Kupatula lamulo, chitsamba chozulidwa kutchire kawirikawiri sichigwira, popeza timizu timaduka pozula ndipo mbali yaikulu ya bowa wake imatsalira m'dothi la kwawo.

Ngati cholinga n'chakuti ana aone ndi maso momwe tsamba lotere limagwirira ntchito, pezani rosemary, yemwe amamera mosavuta m'malo ambiri ofunda. Si wachibale wa Erica, ali m'banja lina, koma tsamba lake lapindikira pansi mofananamo, ndipo ndi lalikulu moti kangalande kotuwa kamaoneka popanda galasi. Dulani tsamba pakati ndi lezala, ana aone mbali zopindikazo. Kenako mangani thumba la pulasitiki loonekera m'kati pa nthambi ya rosemary, lina pa nthambi ya chomera cha masamba otambalala ofewa, nthambi zonse zikadali pa tsinde lake ndipo zili padzuwa limodzi. Pakatha maola atatu kapena anayi yezani madzi omwe adikha m'matumbamo. Kuti kuyerekezako kukhale kolondola, thotholani masamba a m'thumba lililonse muwaike pa sikelo, ndiye ana awerengere madzi omwe atuluka pa galamu iliyonse ya masamba.